Sikelo ya pa Ulongwe

Ntchito yanga ndi kuyeza.
Zaka makumi awiri ndi zitatu pamsika wa Ulongwe
ndakhala ndikukoloweka matumba pa mbedza ya sikelo,
kachewere wa ku Tsangano, nyemba za ku Domwe,
ndipo mlimi asanachoke ndimamuonetsa pomwe muvi waima.
Ndikangoba theka la kilo, pofika mawa msika wonse wadziwa.

Ejidiyo ndinamuyeza ali ndi sabata imodzi,
mayi ake Nangozo akukalipa kuti mwana si mbatata.
Makilo atatu ndi kachidutswa, ndi chitenje chomwe.
Tsiku lopita ku usilikali anadzikoloweka yekha mwachibwana,
miyendo ili lende, anzake akufa ndi phwete:
makumi asanu ndi limodzi, mphambu zinayi.

Kenako wailesi inati anyamata athu awoloka malire
kukazimitsa moto kwa anansi.
Anansi ati?
Ine anansi ndimawadziwa, ndi a ku Dedza,
timakwatirana, timalirirana maliro.
Koma dziko ilo lilime langa limapunthwa pa dzina lake.
Mphunzitsi Kaliyati anandilozera pa mapu,
chala chake chinayenda mpaka ndinayamba kuyang'ana kumbali.

Pofuna mavoti anabwera okha, ndi magalimoto ndi malaya aulere,
anadya nafe chimanga chootcha ataimirira.
Pofuna ana athu anatumiza pepala.

Chikwama chinafika mwezi wachisanu,
nkhungu isanachoke pa denga la msika.
Ndinachikoloweka. Musandiseke, manja anazolowera.
Makilo asanu ndi awiri:
jombo, bulangete, supuni yopindika,
foni yosweka galasi,
kolona amene Nangozo anamusokerera m'thumba.
Nanga makilo makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri otsalawo
ali kuti?

Ndinakwera shapa kutsikira ku Tete.
Pa Moatize fumbi la malasha linandilowa m'mano,
pa mlatho Zambezi anali phee ngati amene wauzidwa kuti asanene,
jekete langa la kumapiri linasanduka ng'anjo.
Mu ofesi munali mphepo ya makina ndi kalaliki waulemu.
Bwerani mawa, bambo.
Mawa lake: nkhaniyi ndi ya ku Maputo.
Mkuja wake anatsitsa mawu, nati ndi chinsinsi cha boma,
nandipatsa madzi ozizira m'kapu ya pulasitiki.
Mnyamatayo ndilibe naye mlandu,
msinkhu wake ndi wa Ejidiyo.

Ndinangofuna dzina la amene anagwira cholembera.
Ndinafuna andiuze ngati dzanja linanjenjemera,
ngati wake mwana anakwera nawo ndege ija
kapena ali kusukulu kutsidya la nyanja, akudandaula za kuzizira.
Ndipo moto munakazimitsawo unazima?
Poti wailesi inaleka kuutchula,
ikuimba nyimbo ndi kulengeza mitengo ya feteleza.

Anandipatsa kalata ya chidindo chofiirira.
Akuti mwana wanga ndi ngwazi.
Nditabwerera ndinaiika pa sikelo,
muvi sunasunthe.

Akuluakulu a kwathu akuti tiike thunthu la nthochi m'manda,
mzimu upeze pogona, ife timete.
Nangozo wakana.
Akuti boma linatenga munthu, libweze munthu,
kapena libwere lidzaime pakhomo pano linene ndi pakamwa pake
kuti linamutaya pati, posinthana ndi chiyani.
Nthochi iye sanabereke.

Ndiye ndili pano, pamalo panga, pafupi ndi ogulitsa anyezi.
Inu amene mumayeza mayiko pa matebulo aatali,
sikelo yanu amaiona ndani?
Yanga a boma amabwera kudzaiyesa,
ikanama amandilipiritsa.

Mbedza ikugwedezeka yokha ndi mphepo ya ku Domwe.
Mayi uyo wadikira kokwanira ndi thumba pamutu.
Tulani, mayi. Yang'anani muvi nokha,
musakhulupirire ine.