Wofewayo Ndiye Amatsala

Zaka makumi atatu ndakhala pakhonde la sitolo ku Chinamwali,
kutumbula mawailesi, kupuma utsi wa mtovu.
Waya ndimamudziwa: wofiira, wakuda,
wodyedwa ndi makoswe, wosendedwa ndi mano.
Ndiye musadabwe kuti lero kachitatu
ndaimika chithunzi chakudachi padzuwa.

Ndi chifuwa cha mkazi wanga Asiyatu.
Nthiti zili mbuu ngati chifunga cha paphiri mu Juni,
ndipo pansi pa phewa lamanzere
pakhala kanthu konga chivindikiro cha botolo.
Pamenepo patuluka waya.
Wapinda kamodzi, watsetsereka,
walowa m'chipinda chimene ine, mwini banja,
ndimangogogoda ndili panja.

Anagwa katatu chaka chatha:
kawiri pamsika wa Mpondabwino, tomato ali mbwee,
kamodzi pamlatho wa Likangala.
Ena anati majini, ena anati njala.
Namwino anamugwira padzanja,
nayang'ana wotchi, nawerenganso,
makumi atatu ndi mphambu zinayi pa mphindi.
Mtima unkangoiwala, basi,
monga muja ndiiwalira pomwe ndaika pulayazi.

Za ndalama ya ulendo sindinena.
Munda wa ku Jali unapita.

Dokotala wa kutaliko, a Kalipinde,
atamva ntchito yanga anatsegula kabati
natulutsa waya wophunzitsira. Gwirani, amisiri.
Anali lende ngati nyongolotsi ya mvula yoyamba.
Ndinati, chofewa chonchi chingayende bwanji mumtsempha?
Anatenga kena kolimba, koonda ngati ubweya wa kumchira wa ng'ombe,
nakalowetsa m'kati mwake
monga waya wa buleki m'kapaipi kake.
Aka n'kolondolera njira, anatero.
Tikakapinda kunsonga, kamakhota pomwe mtsempha wakhota.
Tikafika timakasolola.
Wofewayo ndiye amatsala.

Kunsongako ndinaona kachitsulo kopiringizika,
kamchira ka nkhumba kochepa kuposa njere ya mpunga.
Amakapotoza kawiri, katatu,
kamaluma khoma la mtima,
ndipo pakapita miyezi mnofu umamera n'kukafungatira.

M'basi yobwerera sindinagone.
Ndinkaganiza za munthu amene anayamba kulota kamchirako.
Kodi anali ndi khonde ngati langa,
tebulo lopsa m'mbali, chitini cha zolephereka?
Anataya angati asanapeze waya
wopindika usana ndi usiku, wosatopa,
wonyowa m'magazi amchere koma wosachita dzimbiri?
Ine wa pamlongoti amandithyokera dzinja limodzi.
Kodi nayenso anali ndi wake wogwa pamsika,
kapena ankangodana ndi chinthu chosagwira bwino?
Dzina lake sindilidziwa.
Ndikanamugulira tiyi wamkaka, tikanakambirana za nsonga.

Tsopano maginito onse a m'masipika
ndawasamutsira m'ndowa kuseri kwa bafa.
Foni amaimvera kukhutu lamanja.
Chipsera n'chachifupi ngati chala changa chaching'ono,
amachibisa ndi bulauzi ya maluwa,
ndipo Lachisanu lapitali anakwera chitunda cha ku Matawale
dengu lili pamutu, akundikalipira za ngongole ya makala
osapumira.

Anthu amandibweretsera zakufa, ine n'kuzidzutsa.
Ichi chokha sindingachitsegule.
Batire lake likadzafooka, zaka zikubwerazo,
manja anga adzakhala m'thumba,
ndipo munda wina woti ndigulitse ndilibe.

Usiku magetsi akazima, mawailesi onse ali zii,
ndimasendera, n'kuika khutu pansi pa phewa lija.
Kachipangizoko sikamveka.
Ndimangomva iye, du, du, du,
wosadumpha, wosachedwa,
ngati munthu amene wakumbutsidwa njira ya kwawo.
Ndimawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi,
n'kuyambiranso.

Bambo a Rajabu, amatero ali m'tulo,
chotsani mutuwo, mukundilemera.