Chipata cha m'mutu mwa Olinda

Zaka khumi ndi zinayi ndaima pachipata cha Zobwe,
chidindo m'manja, fumbi la malole m'mano.
Ndabwezapo ogulitsa tomato opanda chiphaso,
ndabwezapo mkwati atavala kale zoyera,
usiku wake n'kugona tulo tabwino.

Lachiwiri Olinda anakana phala,
anati kuwala kwa pazenera kukumulasa m'maso.
Pofika madzulo khosi linali litauma ngati mpini,
chibwano chosafika pachifuwa.
Tinatsika naye mapiri usiku womwewo,
kudutsa fumbi la malasha ku Moatize, kuwoloka mlatho wa Zambezi,
akunjenjemera m'zitenje ziwiri
pamene mzinda wa Tete unkatentha ngati ng'anjo.

Dokotala Jekesene anatunga madzi a mumsana,
nawakwezera ku getsi: ambuu, ngati otsukira mpunga.
Kenako anajambula kuseri kwa envulopu yanga ya malipiro.
"Uwu ndi mtsempha, uwu ndi ubongo.
Pakatipa pali malire, bambo, alonda ake ogundana mapewa.
Shuga amadutsa, mpweya umadutsa,
koma mankhwala ambiri amabwezedwa pakhomo,
ena akalowa amakankhidwiranso kunja."

Ndinafunsa monga wodziwa ntchitoyo:
nanga tizilomboto tinalowa ndi chiphaso chanji?
Iye sanaseke.

"Kutupaku kwatsegulako zitseko pang'ono.
Tithira ochuluka m'diripi, m'mawa ndi usiku,
kuti pa zana lonyamuka, ochepa akafike.
Akayamba kuchira, chipata chiyambanso kutsekeka,
choncho musadzandipemphe kupita naye kunyumba
tsiku limene adzayambe kuseka."

Usiku wachinayi, magetsi atazima,
anandiuza za anzake akutali
amene akuyesa kukulunga mankhwala m'timibulu ta mafuta
tosaoneka ndi maso,
kutiveka nkhope ya chakudya chimene alondawo amachidziwa.
Ena akufufuza kanjira ka m'mphuno, kolambalala chipata.
"Zikadali zoyesa. Lero tili ndi diripi iyi."

Ine, amene ndimabaya matumba ndi chitsulo
kufuna zobisika pansi pa chinangwa,
amene ndimadziwa tinjira tonse ta mbewa m'phirimo
ndi maina a anyamata otidutsa,
ndinagwada pasimenti ya m'wodi
kupempherera ozembetsa katundu.
Abiseni bwino, abale anga. Akulungeni kawiri.
Mlondayo asazindikire.

Madontho ndinawawerenga mpaka kusokoneza.
Mayi ake anamata tepi yomwe inkamatuka pamkono.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anapempha malambe.
Anatembenuza khosi yekha kuyang'ana namwino,
ine n'kutuluka kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.
Tinakhalabe masiku ena asanu, monga tinauzidwira.

Khutu lamanzere silinabwere nafe.
Linatsala kumene mankhwala anafika mochedwa.
Tsopano ndikaweruka, yunifomu ikununkha dizilo,
ndimazungulira bedi lake mpaka mbali ya kukhoma,
ndiwerame kudzanja lamanja,
ndinene kuti ndabwera.