Mafuta Odutsa

Ndimayenga mafuta pa Kamwendo.
Mpendadzuwa ulowa uku, mafuta atuluka uko.
Makina ndimawadziwa ndi khutu:
sefa ikatsekeka, kulira kwake kumasintha.

Koma mimba ya Ndaziona sindinaimve.

Amadya mwana uyu, funsani amake.
Phala lothira nsinjiro, dzira, peyala lathunthu,
chiponde cha kuchipatala amanyambita ndi pepala lomwe.
Mwezi ukatha akam'pachika pasikelo,
muvi uli pomwe unagona mwezi watha.
Thewera ndilo linkanona:
chimbudzi chotuwa, chonyezimira, chokana sopo,
fungo lake lotsalira m'zala mpaka madzulo.

Apongozi anati ndi tsempho.
Anayang'ana ine, osati mwana.
Ndinalumbira mpaka malovu kuuma,
iwo nkumafunsabe amene anathira mchere m'ndiwo,
pomwe mchere unali pamphumi pa mwanayo.
Amake akam'psompsona ankaulawa, osanena.

Ku Lilongwe anapima thukuta lake.
Dokotala anajambula kuseri kwa envulopu
kapamba, ndi kanjira kake kotsikira m'matumbo aang'ono.
Anati apa pamayenera kudutsa timadzi togaya chakudya,
koma mwa Ndaziona mamina okhuthala ngati ulimbo
atseka kanjirako, amatanso zipupa za matumbo.
Mafuta amafika ngati mlendo wopanda womulonjera,
aimaima pakhomo, napitirira,
mavitamini ali m'thumba mwake.

Sisitiki faibulosisi. Ndinalemba pachikhatho.
Mbewu yake theka ndi yanga, theka ya amake,
sinachokere pamphasa ya wina aliyense.
Ndinalakalaka apongozi akanakhalapo kuti amve.
Kenako ndinachita manyazi:
mwana ali pamiyendo panga akutsokomola,
ine ndikuwina mlandu.

Tsopano asanadye timatsegula kapisozi,
timikanda toyera pasupuni ya malambe.
Botolo limodzi limadya matumba atatu a mtedza.
Amabwera nalo msuweni wanga Chiletso pa thiraki,
likachedwa pachipata cha Mwami
thewera limatiuza tisanawerenge masiku.

Lachiwiri muvi unasuntha.
Magalamu mazana atatu.
Namwino analemba osakweza mutu, naitana wotsatira.

Nditabwerera kuntchito
ndinayeza mpendadzuwa wolemera chomwecho,
nkuunyamula m'manja awiri.
Sunadzaze ngakhale chipewa changa.
Ndinaima nawo choncho, makina akulira,
mpaka bwana anafunsa ngati ndadwala.