Thonje la M'paipi

Chiperoni chatsika m'phiri, lero lachinayi,
yunifolomu ya Sungeni ikudonthabe pachingwe.
Makina owumitsira akuzungulira ndithu,
koma mpweya wake zii, ngati madzi a Mulunguzi.

Che Ajibu anafika pa kabaza, tesita m'thumba.
Anayamba ndi pulagi. Kenako fyuzi, yopsa.
"Sinapse yokha iyi, mayi.
Munachotsa liti zinyalala kumbuyoku?"

Anapisa dzanja m'paipi
natulutsa thonje lotuwa, lodzadza manja awiri,
m'kati mwake batani labuluu
la malaya aja a malemu bambo a Sungeni.

Makina anapuma, anafunda.
Ndinalipira, ndi ya kabaza yomwe yobwerera ku Chinamwali.

Thonjelo sindinataye.
Lili m'kabati, m'chitini cha majarini.