Mikisa za Amuna Anga

Loweruka likakwana a Yotamu amapalasa njinga
kupita ku Dwangwa, ku mayadi a mabwana a nzimbe,
kumene osamuka amayala katundu pa kapinga,
mitengo atailemba pa timapepala.
Amuna a anzanga amabwerako ndi matilesi, nsapato za ana.
Anga amabwerako ndi mikisa.

Yoyamba inalibe chingwe.
Yachiwiri chingwe inali nacho, koma mwendo umodzi.
Yachitatu yobiriwira ngati mbande za mpunga,
dzimbiri m'khosi, kulemera ngati mwana wa mbuzi.
Pano zakwana zisanu ndi ziwiri pa thabwa,
m'nyumba yopanda magetsi.

Za zinazo musandifunse:
ketulo yopanda chivindikiro,
mbale zoyera zogumuka m'milomo,
sikelo imene singano yake inafera pa theka la paundi,
ndi chiwaya chakuda chimene tsiku lina ndinati ndikazingiremo usipa,
iwo kudzambatuka ngati ndalowa mumzikiti ndi nsapato.

Mai Asiyatu pa mjigo amati,
"Amnzanga, munakwatiwa ndi manda a ziwiya."
Ndimaseka nawo.
Pobwerera, ndowa ili pamutu, ndimawerenga:
fizi ya Mwatitha sinakwane,
lata la pakona likudontha.

Usiku amayala thumba pansi, tochi m'kamwa,
namasula tizitsulo, kutisunga m'sosala,
mtima wa iyi kuuika mwa iyo.
Nthawi zina amandiitana, "Taonani,"
ufa wouma m'mng'alu, wa munthu wina,
wa chaka chimene ine ndi iwo tisanaonane.
Ine ndimati ndaona, ndi kukoka bulangete.

Chaka chino, phulusa la nzimbe likugwera pa zochapa,
mawaya anafika pa mzere wathu.
Babu sanayambe ndi kuyatsa ayi.
Anatsitsa mikisa.

Yoyamba, zii.
Yachiwiri inafuka, nyumba yonse fungo la tayala.
Yobiriwira ija inatsokomola,
inanjenjemera pa tebulo ngati ya malungo,
kenaka timiyendo take tinayamba kuthamangitsana
m'mbale yopanda kanthu.
Ana a mzere wonse anadzaza pa windo
kudzaonerera chitsulo chikutakasa mphepo.

Ndinacheuka, mawu onyoza ali kale pa lilime.
Ndinawapeza atatsamira khoma, maso atatsinzina.
"Kulira kwake n'komweku," anatero.

Bambo awo anali khukhi pa yadi ya nambala naini.
Mwana wa khukhi sankaponda m'khitchini.
Ankaima kuseri, pafupi ndi mpopi,
kudikira kulira kuja kuthe,
chifukwa kukatha, dzanja linkatuluka pa windo
ndi timiyendo tiwiri tomata batala ndi shuga,
ndi mawu apansipansi: fulumira, dona asanabwere.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ukwati,
nkhani iyi inali pa thabwa,
ine n'kumangoipukuta fumbi.

Sindinayankhe. Ndinamanga chitenje,
ulendo kwa Mai Asiyatu kukakongola mazira atatu ndi kapu ya fulawa.
Anafunsa kuti kuli chiyani. Ndinati manda adzuka.

Keke tinaiphika pa mbaula, makala pansi, makala pamwamba.
Inapserera kunsi, pakati inamira,
Mwatitha anati ikukoma ngati chigumu chophunzira.
Timiyendo sindinatsuke.
Ndinazungulira panja, n'kuwaitana,
kenaka ndinazindikira kuti ndalakwitsa mbali,
ndinalowanso, iwo anatuluka,
ndipo ndinawapatsira pa windo.

Munthu wa imvi, kunyambita chitsulo pakhonde,
nkhuku zikumuyang'ana.

Mvula yayandikira. Lata lija silinasinthidwe,
ndipo mawa ndiwakumbutsanso, mokweza.
Koma Loweruka, akupopa njinga,
ndinati, mukakapeza chivindikiro cha ketulo ija,
musakagule msanga, mukanenerere.