Waya Wachinayi

Masitepe zana ndi makumi anayi
kuchoka kudoko la Valparaíso kufika pakhomo pa bambo Baldomero.
Ine makwerero paphewa, wefuwefu,
mayi Herminia patsogolo ndi chikwama cha zida, osapuma n'komwe.
Nyumba za kuno zinakolowekedwa m'phiri ngati zovala pachingwe,
malata kunja, matabwa m'kati.
Ikapsa imodzi, mzere wonse umagona panja.

Akuti fyuzi inkangopsa.
Ketulo ikakumana ndi mbaula, mdima bii.
Atatopa nayo anaikapo msomali,
ndipo msomaliwo, anatero monyadira, sunapsepo.
Mayi Herminia anauzula, wakuda ngati khala, n'kuuika m'dzanja langa.
Ntchito ya fyuzi ndi kufa, mwanawe.
Anaipanga yofooka dala
kuti katundu akachuluka iduke iyoyo, nyumba itsale.
Ukaikapo chosafa,
chodzapsa ndi khoma.

Choyezera tinayamba tachiyesa pa soketi yamoyo,
pakuti choyezera chakufa chimavomera chilichonse.
Kenako swichi yaikulu, thi.
Mafyuzi ika m'thumba mwako, osati pawindo,
wina angabwere ndi mtima wabwino
n'kukuyatsira uli kudenga.

M'siling'i munali fumbi ndi fungo la mphaka.
Mawaya akale ovala nsalu,
ukangokhudza, nsaluyo n'kuyoyoka ngati phulusa la ndudu,
mfundo zopota ndi zala, tepi itauma gwa.
Amene anakonzako chaposachedwa ndiwo anali ndi mitundu,
ndiye ndinawerenga chamumtima za miyezi isanu yanga:
wofiira ndi wamoto, ndiye amabweretsa,
woyera ndi njira yobwererera,
wobiriwira amangokhala, kudikira tsiku latsoka
kuti nyesi zikasochera zilowe m'nthaka
zisadzere mwa munthu.
Atatu.
Koma apa panali wachinayi,
wabulauni, woonda ngati wa nyale ya patebulo,
wolowera pamng'alu wa malata kuchokera kunja.

Dzanja linali litanyamuka kale ndi pulayazi.
Wayesa? anatero mawu pansi pa makwerero.
Si tathimitsa, mayi?
Sindinafunse zimenezo.

Wofiira, zii.
Woyera, zii.
Wabulauni, kagetsi ka choyezera kanayaka psuu
ngati diso la khoswe mumdima.
Ndinatsika pang'onopang'ono, mawondo ngati si anga,
m'kamwa mutauma.

Tinaulondola.
Unadutsa pamwamba pa miphika ya maluwa,
kuzungulira msanamira kawiri,
n'kukalowa pawindo la mayi Eduvigis, telala wa nyumba yakumtunda.
Mbali inayo unathera kuchipinda,
pa kafiliji kosungira mankhwala a shuga.

Bambo Baldomero anayang'ana nsapato zawo.
Dzinja la chaka chatha anandidulira magetsi, ndinali ndi ngongole.
Iwo aja anauponya pawindo usiku, osanena kanthu.
Ngongole ndinabweza kalekale.
Nanga osauchotsa bwanji?
Anakanda m'mutu.
Akanaona ngati ndadula ndi zina zomwe.

Mayi Herminia sanaseke, sanakalipe.
Anakwera okha kukagogoda,
ndinamva makina osokera akuima,
kenako mawu: Yesanso!
Ndinayesa. Zii.
Ndinayesanso, pakuti tsopano sindikhulupirira swichi.

Mpaka dzuwa kupendeka tinali kukoka mawaya atsopano m'paipi,
kusenda nsonga mosalumako mkuwa,
kumanga sikuluu iliyonse mpaka waya osagwedera,
poti pogwedera ndi pomwe pamayambira kutentha.
Kafiliji kanapeza soketi yakeyake ya mabowo atatu,
mbaula njira yake, ketulo njira yake.

Wabulauni uja ndinaukulunga pachigongono
kuti ndiuponye m'thumba la zinyalala.
Ayi, ndipatseni kuno.
Anavala chipewa, anapukuta nsapato ndi nyuzipepala,
n'kukwera masitepe khumi ndi awiri kukaubweza pamanja.
Pamene tinkatsika anali asanatuluke.

Kumunsi sitima zinali zitayatsa kale nyale.
Makwerero paphewa,
msomali uja ukundibaya ntchafu m'thumba
sitepe iliyonse.