Mzere Wachikasu

Ikakwana teni koloko usiku,
ku Eriya 2, kuseri kwa depoti,
m'chipinda chopanda zenera momwe seva imapumira wefuwefu,
lamulo la a Kachingwe linkadzuka lokha
n'kukopera kaundula yense wa bungwe lathu:
masheya a amayi a kaunjika a mumsika wa Tsoka,
ngongole za anyamata a kabaza a ku Mchesi,
n'kukazigoneka mu disiki ina.

Analilemba chaka chomwe ndinkayamba ntchito.
Popita kwawo ku Nathenje kukaweta nkhumba
anandisiyira makiyi, kapu yong'aluka
ndi mawu akuti, "Choyenda bwino osachigwira."

Sindinachigwire.
M'mawa uliwonse, kunsi kwa lipoti,
kunkabwera mzere wachikasu:
lamuloli lakalamba, eni pulogalamu alisiya,
gwiritsani ntchito latsopano.
Zaka zinayi ndinkaulumpha mzerewo
monga ndimalumphira ngalande ya pakhomo ku Kawale.
Mwendo umadziwa wokha.

Mu Juni tinaika pulogalamu yatsopano.
Palibe chinalira.
Mafailo ankabadwabe usiku ndi usiku,
dzina lili, tsiku lili,
ndandanda ngati matumba a chimanga ku Kanengo.

Anali Tiyanjane, wobwera dzulodzuloli kudzaphunzira ntchito,
amene anati, "Bwana, tiyese kubwezeretsa imodzi, tingoona."
Ndinaseka. Iye anatsegula.
Thumba loyamba, mphepo.
Lachiwiri, mphepo.
Masiku khumi ndi asanu ndi anayi
a matumba osokedwa pakamwa,
mulibe ndi njere yomwe.

Lamulo lija anali atalichotseratu.
Ife tinkaitana munthu woti anasamuka,
n'kumalemba m'buku kuti wayankha.

Magetsi anathima kanayi mwezi umenewo.
Ndinawerenga pa zala, thukuta lili kamukamu,
kunja kuli chisanu.

Tiyanjane sananene kanthu.
Anakoka mpando, nalemba lamulo latsopano,
lalitali, la mayina achilendo m'maso mwanga.
Linayenda. Failo inalemera.
Sanakhulupirirebe: anaimasula pa kompyuta ina
mpaka tinapeza dzina la mai Nasibeko
ndi sikisi sauzande yawo ya Lachitatu,
ili phee pamalo pake.

Madzulo ndinawaimbira a Kachingwe.
Nkhumba zinkalira kuseri kwa mawu awo.
"Wachikasu uja?" anatero.
"Ndinauona sabata yanga yomaliza.
Ndinati mnyamatayu ndi wa maso, akonza."

Ndinakwera minibasi mochedwa,
kondakitala akukuwa malo amene ndimawadziwa kale.
Pa mlatho ndinakumbuka kuti sindinamuuze zikomo mwana uja,
komanso kuti mu seva muja
muli malamulo ena khumi ndi awiri
olembedwa ndi dzanja lomwelo,
atatu ndi langa.

Mawa ndikamupempha mpando wa pambali pake.
Ndikatenge ndi magalasi.